Phiri Lomwe Ndinawalukira Bambo

Lachiwiri m'mawa Bambo anathawanso. Ulendo uno anawapeza ndi woyendetsa lole ya mchenga, ataima pakati pa msewu waukulu, nsapato zili m'manja. Woyendetsayo anawabweretsa kunyumba iye mwini, ndipo anati akanachedwa pang'ono kuponda buleki bwenzi tikukamba zina. Bambo anatsika mwaulemu wonse, anathokoza, kenako anandifunsa ngati basi yopita kwathu yadutsa kale.

Kwathu kulibe. Ndiyambire pamenepa kuti wina asandifunse chifukwa chimene sindinangowakweza basiyo. Mudzi umene Bambo anabadwira unali patsinde pa phiri, ndipo phirilo linagulidwa ndi kampani yophwanya miyala ine ndisanabadwe. Anthu anawasamutsa pa malole, phiri analidya pang'onopang'ono mpaka linasanduka dzenje la madzi obiriwira. Achimwene anawatengerako kamodzi Bambo pa galimoto kuti akadzionere okha. Bambo anayang'ana dzenjelo nthawi yaitali, nati, "Mwasokera, ana inu. Tembenuzani galimoto."

Chiyambireni matenda awo oiwalawa, Bambo amaiwala kuti amwa kale tiyi, amaiwala kuti Amayi tinawaika zaka zisanu zapitazo, tsiku lina anaika wailesi mufiriji. Koma phiri lokha saliiwala. Ndikangotembenuka kuti nditsuke mbale, chitseko chalira, munthu wapita.

Achimwene anafika masana a tsiku lomwelo, makiyi a galimoto ali kuchala. Sanakhale pansi n'komwe.

"Iwe Kangaude," anatero. Dzinali anandipatsa ndili mwana chifukwa chomangokhalira zingwe, ndipo akaliitana motere ndimadziwa kuti zinthu sizili bwino. "Loweruka ndikubwera kudzawatenga. Zakwana."

Ndinkadziwa komwe ankafuna kukawaika. Kuseri kwa nyumba yawo kuli kachipinda komwe ankasungiramo matayala ndi zitini za penti. Kali ndi zenera limodzi la zitsulo, loko wake ndi wakunja. Achimwene si munthu woipa ayi, anali atakapenta kale kachipindako, alamu anaikamo ndi katani ya maluwa. Koma loko ndi loko. Bambo, munthu woti moyo wawo wonse sanakhalepo m'nyumba dzuwa lili kunja, m'menemo sangathe mwezi. Ndinkachita kuzimva m'mafupa.

"Ndipatseni mpaka Loweruka lomwelo, achimwene. Nsalu ija yatsala chikhatho chimodzi."

"Nsalu? Munthu watsala pang'ono kupondedwa ndi lole, iwe ukundiuza za nsalu? Mutu wako ukuyenda?"

"Akaiona akhazikika."

"Akapanda kukhazikika?"

Achimwene anatsonya, anakawagwira dzanja Bambo powatsanzika, n'kumapita.

Ntchito yanga ndi yoluka nsalu zopachika pakhoma, zija mumaziona m'mahotela ndi m'maofesi n'kumayesa kuti zinagwa kumwamba. Ndimalukira pa chimango cha matabwa chomwe chimadya theka la chipinda changa chogona. Ulusi ndimaunyika ndekha: makoko a anyezi amandipatsa wachikasu, misomali ya dzimbiri wotuwa, nthangala za mapeyala wofiirira. Wina ndi khonje, wina thonje, wina ndimamasula majuzi akale a pamsika. Poutsendera ndimagwiritsa foloko ya kukhitchini, chifukwa chipangizo chenicheni chinathyoka kalekale ndipo foloko sinandikhumudwitsepo.

Nzeru ya phiri inandibwerera chaka chatha. M'mawa wina, mutu wawo uli bwinoko, ndinatenga pepala n'kuwauza kuti, "Bambo, tandiuzani momwe pankaonekera mukaima pakhomo." Ine phirilo sindinalionepo, ndinabadwira m'tauni muno. Anandiuza. Mutu wa phiri wosongoka unali kumanzere. Kumanja linkatsetsereka ngati msana wa ng'ombe, ndipo patsinde pake panali mkuyu waukulu ndi kanjira kopita kumadzi. Ndinajambula, anandikonza. Ndinajambulanso, anati mkuyu wanga ukuoneka ngati kabichi. Kasanu ndi kawiri tinabwereza, ndipo masiku onsewo Bambo sanakhudze chitseko. Kapepalako maso awo sakaona bwino, ankachita kukayandikitsa pamphuno. Ndiye ndinati, bwanji phirilo litadzaza khoma lonse, moyang'anizana ndi mpando wawo? Munthu amene akuona kwawo akathawirenso kuti?

Miyezi isanu ndi inayi ndinakhala pachimangocho. Maoda a anthu ndinawakana, msana unauma, zala zinachita zikang'a. Pali chinthu chimodzi chokhudza kalukidwe kanga chomwe muyenera kudziwa. Ine ndimalukira kuseri kwa nsalu, monga anandiphunzitsira amene anandiphunzitsa. Mbali yoonetsa anthu imayang'ana pansi, mbali ya mfundo ndi michira ya ulusi ndiyo imayang'ana ine. Gawo lomwe latha ndimalikulunga pamtanda, moti nsalu yonse sindiiona kufikira tsiku loidula. Chifukwa cha ichi, chojambula chomwe ukutsatira uyenera kuyamba wachitembenuza: umachimata pazenera n'kuchilemba kuseri kwake. Ndi phunziro la sabata yoyamba, ngakhale wophunzira waulesi saliiwala.

Lachitatu ndinatsiriza mtambo womaliza. Lachinayi m'mawa kunabwera Mayi Magalasi, mwini nyumba yoonetsera zaluso yomwe imanditengera nsalu zanga. Timawatcha choncho chifukwa amakhala ndi magalasi awiri, ena pamphuno ena pamutu, n'kumafunabe achitatu m'chikwama. Ankakonza chionetsero cha nsalu za malo ndi mizu ya anthu, ndipo anali atandinyengerera miyezi yambiri kuti phiri langa likakhaleko. Ndinawauza kuti nsaluyi ndi ya Bambo, koma kudzaona ndi maso sindinawaletse.

Ndinadula ulusi womangirira nsalu pachimango ndi sizasi, umodziumodzi. Tinainyamula awiri ili yokulunga kupita nayo pabalaza, Bambo ali kubafa. Ndinakwera patebulo, ndinakoleka mtanda wake pamisomali itatu, ndipo nsalu inatambasuka mpaka pansi.

"Mayi wanga ine!" anatero Mayi Magalasi, manja ali pachifuwa. "Mwana iwe, uli ndi manja!"

Ndinatsika, ndinabwerera m'mbuyo mpaka kukhoma linalo. Inali yokongola, sindinama. Thanthwe linkaoneka lotentha ndi dzuwa, mkuyu unali mkuyu weniweni. Koma china chake sichinali bwino. Kenako ndinaona. Mutu wa phiri unali kumanja. Mkuyu ndi kanjira zinali kumanzere.

Chojambula sindinachitembenuze. Ndinakumbuka pomwepo tsiku lomwe ndinamanga chimango: ndinali nditamata pepala pazenera, pensulo ili m'manja, pomwe mayi woyandikana nafe anakuwa kuti waona Bambo akulowera kumsika. Nditabwera nawo madzulo ndinangomatula pepalalo n'kuyamba ntchito. Miyezi isanu ndi inayi ndinkayang'ana kuseri kwa nsalu, kumene zonse zinali m'malo mwake, ndikudzitama mumtima. Zaka makumi awiri pantchito, n'kulakwa chomwe mwana wa sabata imodzi sangalakwe! Ndinafuna kudziluma.

"Ndiye vuto n'chiyani?" anafunsa Mayi Magalasi nditawafotokozera. "Phiri ndi phiri. Adziwa ndani?"

Wodziwayo anali ataima pakhomo la pabalaza, thaulo lili paphewa.

Bambo anayenda pang'onopang'ono mpaka pakati pa chipinda. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere.

"Takhota kale," anatero chapansipansi. "Tadutsa kale kuseri."

"Bambo, ndi kwathu uku. Taonani mkuyu uja."

"Imitsani lole!" Anakuwa ndi mawu omwe sindinawamvepo chibadwire. Anathamangira kukhoma n'kuyamba kulimenya ndi zikhatho pambali pa nsalu. "Adalaivala, imitsani! Galu ndamusiya pachingwe! Imitsani ndikamumasule!"

Apa m'pamene ndinamvetsa kukula kwa zomwe ndinachita. Phiri ukalizungulira n'kuliona kuseri, mutu umene unali kumanzere umakhala kumanja. Bambo analiona motero kamodzi kokha pamoyo wawo, ali pamwamba pa katundu, tsiku lomwe anawasamutsa. Ine ndinkati ndikuwalukira kwawo, koma ndinawalukira tsiku lochoka, lalikulu kudzaza khoma.

Ndinawagwira m'chiuno, anandikankha ndinakagwera pampando. Nkhalamba ikachita mantha imakhala ndi mphamvu za mnyamata. Mayi Magalasi ndi amene anaganiza msanga, anakoka nsalu ija n'kuigwetsa pansi. Bambo anaima, akupuma mwabefu, zikhatho zitafiira. Za galuyo palibe anatiuzapo, ngakhale Amayi. Anazisunga okha zaka zonsezi, ndipo ine ndi amene ndinakazifukula.

Nditawagoneka Bambo, Mayi Magalasi anayesa kundithandiza nzeru. Anati ndiike galasi lalikulu moyang'anizana ndi nsalu, Bambo aziionera m'galasimo. Ndinawauza kuti magalasi onse a m'nyumba muno ali pansi pa bedi, chifukwa Bambo amakangana ndi nkhalamba yomwe amaipeza m'menemo. Anati ndiluke ina. Ndinawafunsa ngati Loweruka lawo limabwera pakatha miyezi isanu ndi inayi. Pomaliza anati, mwaulemu ndithu, popeza kuno yakanika, kuchionetsero ingakalandiridwe ndi manja awiri. Ndinawaperekeza mpaka pageti ndisanalankhule zoti n'kudzapepesa.

Njira inatsala imodzi, ndipo ndinkaidziwa kuyambira pomwe ndinaona cholakwacho. Kuseri kwa nsalu phiri linali lolondola. Koma kuseri kwa nsalu yanga si koonetsa munthu. Paliponse pomwe ndinasintha mtundu wa ulusi ndinasiya mchira wotalika ngati chala, ndipo pansalu yotere michira imakhala miyandamiyanda, yolendewera, yopiringizana, ina yaubweya ina yakhonje. Woluka kuonetsa kuseri kuli ngati kuyanika zamkati pamsewu. Manyaziwo ndikanawameza. Chomwe chinkandiopsa n'choti maso ofooka a Bambo sakaona phiri, akangoona chiguduli.

Ndiye ndinayala nsalu patebulo chafufumimba, ndinatenga singano yaikulu, n'kuyamba kubisa michira. Umalowetsa mchira pasingano, umaupititsa m'kati mwa nsalu, umadula chotsala. Kuidula osaibisa sikutheka, nsalu ingamasuke. Pofika madzulo a Lachinayi ndinali nditayeretsa malo okwana mbale imodzi. Ndinayeza ndi maso zomwe zatsala, ndinaona kuti ngakhale atandipatsa mwezi sindingamalize. Ndinapitirizabe, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Lachisanu Bambo anadzuka ndi mtima umodzi wokha, wopita kukamasula galu. Sindikanatha kusoka uku ndikuwalondera. Ndinachita chinthu chomwe ndinalumbira kuti sindidzachita: ndinakhoma chitseko, kiyi n'kumuika m'thumba la epuloni. Anayesa chogwirira kamodzi, kawiri. Anachigwedeza. Kenako anabwera kudzaima pambali panga, chipewa chili m'manja ngati munthu wodzapempha ntchito.

"Mwana wanga, ndalakwanji?"

"Simunalakwe, Bambo. Kunja kuli dzuwa."

"Nditsekulire pang'ono pokha. Ndikangomumasula ndibwera. Amva ludzu."

Ndinaweramira pansalu kuti asaone nkhope yanga. Misozi inkagwera pathanthwe lomwe ndinaluka ndekha, singano ikundibaya chala. Ndinkalimbana ndi loko wa achimwene, ine mwini nditakhoma bambo anga m'nyumba. Tsiku lonselo anayenda kuchoka pachitseko kubwera patebulo, kuchoka patebulo kupita pachitseko, ndipo nthawi iliyonse ankapempha ngati akuyamba kumene. Chakudya anakana. Ine ndinayeretsa mutu wa phiri ndi theka la mkuyu, kwinako kunali tchire.

Loweruka achimwene anafika dzuwa lisanakwere, mpando wakumbuyo kwa galimoto atayalapo bulangeti. Anandiyang'ana maso otupawo, anayang'ana nsalu patebulo.

"Ndi imeneyi? Yasanduka chopondera mapazi?"

"Ndigwirireni mbali iyo."

"Kangaude, usadzivutitse. Walimbana nazo mokwanira. Longedza zovala zawo."

"Achimwene, chonde. Ndigwirireni kamodzi kokha. Ikakanika ndilongedza ndekha, ndipo sindidzakuvutitsaninso."

Anapumira m'mwamba, anaika makiyi patebulo. Tinaikoleka pamisomali ija, mbali yokongola itayang'ana kukhoma. Nditatsika n'kuiona, mtima wanga unagweratu. Michira inali lende kuyambira pakati mpaka pansi, yachikasu, yotuwa, yofiirira, ikugwedezeka ndi kamphepo kolowera pazenera. Ndikanakhala mlendo ndikanafunsa kuti mbuzi yadya chiyani apa.

Ndinakawatenga Bambo kuchipinda. Anali atavala kale jekete, okonzeka ulendo. Ndinawagwira pamkono. Achimwene anaima pafupi, okonzeka kuwagwira akayambanso kumenya khoma.

Bambo anaima. Anayang'ana kumanzere, komwe kunali mutu wa phiri, ndipo maso awo anatsetsereka pang'onopang'ono mpaka pamkuyu. Anasendera pafupi, anatambasula dzanja, n'kulowetsa zala m'michira ija. Anaisisita chotsitsa, kenako anafikisa umodzi pakati pa zala.

"Udzu sanamwete chaka chino," anatero. "Anthu ake ndi aulesi. Moto ukabwera adzalira."

"Ndi kuti kumeneku, Bambo?" anafunsa achimwene.

Bambo anawayang'ana ngati afunsa zopusa. Anavula jekete, analikoleka pamsana pa mpando wawo, anakhala pansi n'kutambasula miyendo. Za galu sanatchulenso.

Achimwene sakhulupirira chinthu asanachiyese. Anapita kukatsekula chitseko chakunja mpaka chinagunda khoma, anatsekulanso geti, n'kubwera kudzakhala pakona. Phokoso la msewu linalowa lonse, mahutala, ogulitsa malonda, lole ikudutsa. Ine ndinaima pakhomo la khitchini. Linatha ola. Bambo anangotembenuka kamodzi, kuti athamangitse ntchentche. Linatha lachiwiri. Ankalankhula okha motsitsa, akuloza kanjira ka kumadzi ndi chibwano.

Achimwene anatola makiyi awo. Pageti anandiuza osandiyang'ana kuti, "Ndikupatsa sabata. Akangotuluka kamodzi, usadzandiuzenso za nsalu." Anakhala m'galimoto nthawi ndithu asanailize, ndipo ndinaona akupukuta m'maso ndi bulangeti lija.

Ndinabwerera m'nyumba thupi lonse lili lopepuka. Ndinafuna kuseka, ndinafuna kugona pansi pomwepo. Ndinawapangira Bambo tiyi wa mkaka wambiri monga amaukondera, ndinagwada pambali pa mpando n'kuwapatsa.

"Zikomo kwambiri, mayi," anatero, akulandira ndi manja awiri. "Mwatipeza. Mwachokera kutali?"

Ndinayesa kuti akuseka. "Bambo, ndine. Mwana wanu."

Anandiyang'ana mokoma mtima, monga umayang'anira munthu wosokera. Pankhope pawo panalibe mantha kapena chisokonezo. Chiyambireni matendawa sindinawaonepo ali pamtendere chotere.

"Ayi, mwaphonya nyumba, mayi. Ife wamkazi tilibe. Tili ndi kamnyamata kamodzi, kali kosewera uko. Winayo akadali m'njira, mayi ake atopa naye kale." Anaseka pang'ono, anamwa tiyi. "Koma musachite manyazi, dzuwa lakula ili. Khalani apo pamthunzi mupume. Likapepa muzipita kwanu kusanade."

Ndikanatha kugwetsa nsaluyo nthawi yomweyo, mwina akanandiitananso kuti mwana wanga, ali pachitseko chokhoma. Ndinayang'ana chitseko chili chotsekula, ndinayang'ana miyendo yawo yotambasulayo.

"Zikomo, bambo," ndinatero. "Ndipumako pang'ono."

Ndinakhala pansi pamene anandilozerapo.